Sharks yatsiriza kumchira kwa ligi yonse: tiyeni tikambirane za sizoni yowawayi

Lachisanu, 19 Epulo 2024

Bambo a Mphatso:
Abale, moni nonse. Dzulo usiku San Jose Sharks, timu yathu ya hockey ya pa madzi oundana, yasewera masewero ake otsiriza ku Calgary, yagonjanso, sizoni yathera pomwepo. Pa masewero 82 yapambana 19 okha, yagonja 54, ndipo ena 9 yagonjera m'nthawi yowonjezera. Mapointi 47 basi. Pa matimu onse 32 a mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ku America ndi Canada, ife ndiye tili kumchira kwenikweni, ngakhale Chicago yomwe ili pamwamba pathu yatisiya ndi mapointi 5. Zigoli zomwe tamwetsedwa zikuposa zomwe tamwetsa ndi 150.

Ndakhala duu miyezi yonseyi poopa kuti ndikayankhula mtima uli m'mwamba ndilakwira anthu. Lero ndiloleni ndiyankhule.

Timuyi ndinayamba kuikonda mu 2016 ndili mlendo mumzinda uno. Chaka chimenecho inafika mu fainolo ya Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, n'kugonja kwa Pittsburgh. Malamulo a hockey ya pa madzi oundana sindinkawadziwa, ngakhale puck, kamphira kakuda kophwathalala kaja, maso anga sankakaona. Koma anzanga a kuntchito ankandikhazika pakati pawo n'kumandilozera kuti uyo wandevuyo ndi Joe Thornton, uyo wopanda mano akutsogoloyo ndi Brent Burns, uyo ndi Joe Pavelski. Sharks ndiyo inandipatsa nkhani yoyamba yocheza ndi anthu kuno.

Pa 2 Novembala chaka chathachi ndinatenga Mphatso kupita naye ku SAP Center, bwalo la Sharks, tikusewera ndi Vancouver. Nthawi imeneyo tinali tisanapambane ngakhale kamodzi chiyambireni sizoni. Magetsi atathima, utsi uli tolotolo, osewera akutulukira m'kamwa mwa chimutu cha shaki chija, mwanayu anandigwira dzanja mwamphamvu. Kenako zigoli zinayamba kugwa ngati matalala. Anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, mzera wathu wonse n'kutsala ife awiri ndi agogo ena aamuna kumapeto uko. Zitafika pa 10 kwa 0 ndinamuuza kuti tiye tizipita, mawa kuli sukulu. Iye anakana. Anati, adadi, anyamatawo sanatuluke, ife tituluka bwanji? Kutatsala mphindi zochepa Fabian Zetterlund anagoletsa. Mwanayu analumpha, kukuwa mpaka mawu kusasa, agogo aja naonso anaimirira n'kumamuwombera m'manja. Masewero anatha 10 kwa 1. Patangopita masiku awiri Pittsburgh inabwera pabwalo lomwelo n'kutithira zina 10 kwa 2. Timu kumwetsedwa zigoli 10 kawiri motsatizana zinali zisanachitikenso mu NHL chichokereni mu 1965.

Mfundo yanga nayi. Ndikumva zoti timu ikumangidwanso, ndipo sindikutsutsa. Koma pali anzathu omwe chaka chonsechi akhala akusangalala tikagonja, ati tikuyandikira mwana wa nambala 1 pa draft, pomwe matimu amasankha osewera achisodzera. Ine zimenezo zandikanika. Sindingakhale pampando, mwana wanga ali pambali, mumtima ndikupempha kuti goloboyi wathu amwetsedwe.

Malume a ku Zomba:
Mphwanga, pepa ndithu. Timavidiyo umanditumizira tija ndimationera, ngakhale liwiro lake limandizunguza mutu. Koma tandimasulire apa. Kuno matimu atatu a pansi mu Super League amatuluka mu ligi, ndipo masapota amalira maliro enieni. Ndiye Sharks yakoyo chaka chamawa isewera kuti? Nanga munthu angasangalale bwanji timu yake ikugonja?

Achimwene a ku Fremont:
Malume, kuno palibe zotuluka mu ligi. Matimu ndi omwewo chaka ndi chaka, kaya yatsiriza pamwamba kaya pansi. Chomwe chilipo ndi draft. Chaka chilichonse mu Juni matimu amagawana anyamata achisodzera a zaka 18 kapena kuposerapo pang'ono ochokera ku Canada, America, Sweden, Finland ndi kwina. Timu siingangopita kukagula mnyamata amene yamufuna ayi, amasankha motsatana, ndipo omwe achita zofooka ndi amene amayamba kusankha.

Koma pofuna kuti matimu asamagonje dala, malo oyamba amachitira maere. Timu yomwe yatsiriza pansi ili ndi mwayi wa 25.5 pa 100 woti itenge malo oyambawo, ndipo zikavuta kwambiri imasankha pa nambala 3. Maere a chaka chino achitika pa 7 Meyi. Mnyamata yemwe aliyense akumufuna ndi Macklin Celebrini wa ku Boston University. Ali ndi zaka 17 zokha koma wapatsidwa kale mphoto ya Hobey Baker, ya wosewera bwino kuposa onse m'makoleji a ku America.

Tsono bambo a Mphatso, ine ndi mmodzi mwa anthu mukuwanenawo, sindibisa. Sindinasangalale ndi 10 kwa 1, palibe amene anasangalala. Koma mu Marichi, tikusewera ndi Chicago, tinatsogola 4 kwa 0 kenako n'kugonja 5 kwa 4 m'nthawi yowonjezera, ine mtima unakhala pansi. Tikadapambana masewero angapo ngati amenewo bwenzi lero Chicago ili pansi pathu, mwayi waukulu uli kwa iwo. Kupambana masewero 24 m'malo mwa 19 kukanatipindulira chiyani?

Malume a ku Zomba:
Ndiye kuti kumeneko wolephera ndi amene amalandira mphatso? Zachilendo ndithu. Kuno mphunzitsi wotere sangagone m'nyumba mwake.

Achimwene a ku Fremont:
Cholinga chake n'choti matimu asasiyane mphamvu mpaka kalekale, malume. Palinso malire a malipiro. Sizoni ino timu iliyonse sinaloledwe kulipira osewera ake onse pamodzi ndalama zoposa madola 83.5 miliyoni. Mwini wake wa Sharks, Hasso Plattner, ndi mpondamatiki weniweni, mmodzi mwa omwe anayambitsa kampani ya SAP ku Germany, koma ngakhale atafuna sangathire ndalama n'kugula akatswiri ngati momwe amachitira ku mpira wa ku Ulaya.

Apa ndi pomwe pagona vuto lathu. Kuyambira 1998 mpaka 2019 Sharks inalephera kulowa mu ndime ya chipulula kawiri kokha, mu 2003 ndi mu 2015. Doug Wilson, yemwe anali manijala wamkulu, ankafuna chikho Thornton asanakalambe, ndiye anamanga osewera ndi makontrakiti ataliatali. Marc-Edouard Vlasic zaka 8, madola 7 miliyoni pachaka. Logan Couture zaka 8, madola 8 miliyoni pachaka. Erik Karlsson zaka 8, madola 11.5 miliyoni pachaka. Pomutenga Karlsson ku Ottawa mu 2018 tinapereka malo athu oyamba a pa draft ya 2020. Timu itagwa, malowo anasanduka nambala 3, Ottawa n'kutengerapo Tim Stützle. Chikho sichinabwere, osewera anakalamba, ana olowa m'malo panalibe. Mike Grier, manijala wamkulu watsopano, pofika mu Julaye 2022 anapeza nkhokwe ili gwaa, ngongole ili thoo. Iye sanaphwasule nyumba yabwinobwino.

Amake Tadala:
Achimwene, masamu anuwo ndawamva ndipo ndi oona. Koma inu mumaonera pa foni muli kunyumba, mukatopa mumangotseka. Ife timachoka ku Oakland, msewu wa 880 uli wothinana madzulo, kufika kunyumba pakati pa usiku. Chaka chino ndapitako kanayi. Mipando yopanda anthu mbali zonse, ndipo tsiku lina masapota a timu ya alendo ndi omwe ankamveka kuposa ife eni bwalo. Bwalo lomwe lija ankaliopa matimu onse! Ana omwe akukula panopa sakudziwa kuti bwalo lathuli, lomwe timalitcha Shark Tank, linkagwedezeka. Tadala wanga ali ndi zaka 9. Sharks inalowa komaliza mu ndime ya chipulula ali ndi zaka 4, sakumbuka kanthu. Kusukulu anzake onse amavala za Warriors ya basketball ndi 49ers ya mpira wa ku America. Mwana wa nambala 1 akamadzafika pachimake, omuonera adzakhala ndani?

Aphiri a ku Buffalo:
Ndimati ndingowerenga osayankhapo, koma achimwene a ku Fremont, nkhani mukukambayi ine ndinakhala m'kati mwake. Ndiloleni ndikuuzeni.

Sizoni ya 2014 mpaka 2015 Buffalo Sabres inachita zomwezi. Inagulitsa aliyense wooneka bwino, ngakhale magoloboyi akayamba kugwira bwino ankawatumiza kwina. Chifukwa chake chinali Connor McDavid, mnyamata yemwe aliyense ankamufuna pa draft ya 2015. Kumapeto kwa Marichi 2015 tinasewera ndi Arizona pabwalo lathu, matimu onse awiri akulimbirana malo a pansi. Arizona itagoletsa m'nthawi yowonjezera, anthu a ku Buffalo, ovala majezi a Sabres, anaimirira n'kukuwa mosangalala. Ine ndinalipo, ndipo ndinakuwa nawo. Ndimakumbukabe osewera athu akutuluka mitu ili pansi, akumva anthu awo akusangalalira kugonja kwawo. Mpaka lero chimandiwawa.

Tinatsirizadi pansi. Maere atachitika McDavid anapita ku Edmonton. Ife tinatenga Jack Eichel pa nambala 2, wosewera wabwino zedi. Chaka cha m'mbuyo mwake tinali titatenga Sam Reinhart, nayenso pa nambala 2. Mu 2018 maere anatigwera, tinatenga Rasmus Dahlin pa nambala 1. Mu 2021 anatigweranso, tinatenga Owen Power. Tsono werengani. Sabres inalowa komaliza mu ndime ya chipulula mu 2011. Sizoni yathayi ndi ya nambala 13 motsatizana tili kunja, ndipo palibe timu ina mu mbiri ya NHL yomwe inakhala kunja nthawi yaitali chotere. Lachiwiri lapitali achotsanso mphunzitsi, Don Granato.

Nanga anyamata aja ali kuti? Eichel anapita ku Vegas mu 2021, chaka chatha wanyamula chikho. Ryan O'Reilly tinamugulitsa ku St. Louis mu 2018, chaka chotsatira ananyamula chikho, n'kusankhidwanso kukhala wosewera bwino kuposa onse mu ndime ya chipulula. Reinhart ali ku Florida, sizoni ino wagoletsa zigoli 57. Luso anali nalo onsewa. Chomwe chinaonongeka kwathu ndi m'chipinda chovalira. Mnyamata wa zaka 18 akafika n'kupeza akuluakulu ake atazolowera kugonja, palibe womukalipira akachita ulesi, nayenso amazolowera. Kugonja kumalowerera ngati utsi m'zovala.

Ndiye musawerengere Celebrini maere asanachitike. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chaka chatha chomwechi Anaheim inatsiriza pansi, Connor Bedard n'kupita ku Chicago. Ndipo ngakhale abwere, funsani kuti adzamulandira ndani.

Achimwene a ku Fremont:
Aphiri, ndakumvani, ndipo nkhani ya Arizona ija yandikhudza. Koma Pittsburgh inanyamula zikho zitatu chifukwa inakhalapo pansi n'kupeza Crosby ndi Malkin. Chicago zitatunso ndi Toews ndi Kane. Colorado ili ndi MacKinnon, Tampa ili ndi Stamkos ndi Hedman. Njira ina yopezera munthu wotere ndi iti? Kukhala pakatikati, osakwera osatsika, ndiye imfa yeniyeni mu ligi imeneyi.

Aphiri a ku Buffalo:
Sindikuti njirayo ndi yabodza. Ndikuti ambiri amalowamo osatulukanso. Mwatchula omwe anatuluka okhaokha.

NaBanda:
Moni kuchokera ku Edmonton, kuno tikukonzekera Los Angeles mu ndime yoyamba. Bambo a Mphatso, ndikuuzeni kanthu kamodzi komwe mwina simukadziwa kukula kwake. Pa 9 Novembala timu yathu ya Oilers inabwera kwanu n'kugonja 3 kwa 2. Timu ya McDavid ndi Draisaitl kugonja kwa timu yomwe inali itangomwetsedwa zigoli 20 m'masewero awiri! Kuno mzinda unatentha. Pasanathe masiku anayi mphunzitsi Jay Woodcroft anachotsedwa, kunabwera Kris Knoblauch, ndipo pambuyo pake tinapambana masewero 16 motsatizana. Anyamata anuwo usiku umenewo ankadziponya kutsogolo kwa puck ngati kuti ndi fainolo. Sanali anthu ofuna kugonja.

Komanso zomwe akunena Aphiri ife tinaziona. Tinasankha pa nambala 1 mu 2010, 2011 ndi 2012, koma tinakhalabe kunja zaka 10 zathunthu mpaka 2017. Lolemba lapitali mutabwera kuno n'kugonja 9 kwa 2, tsiku lomwe McDavid anakwanitsa mapasi 100 obala zigoli, ndinkayang'ana benchi yanu ndikukumbuka zaka zathu zija. Ndinakumverani chisoni zenizeni.

Bambo a Mphatso:
Zikomo achemwali, mwandikumbutsa sabata yomwe inandisunga chaka chino. Titamwetsedwa zija, Grier anatsika yekha kukayankhula ndi osewera. Pa 7 Novembala tinagonjetsa Philadelphia 2 kwa 1, chipambano choyamba pa masewero 12. Mackenzie Blackwood anaima pagolo ngati khoma, ma shoti oposa 30 anawabweza. Kenako Edmonton. Ndiye mu Disembala tili ulendo wa kum'mawa, ku New York Islanders tinali kumbuyo 4 kwa 1 m'chigawo chachitatu, Tomas Hertl anagoletsa zitatu usiku umenewo, William Eklund n'kutsiriza m'nthawi yowonjezera. Patapita masiku awiri ku Detroit tinali kumbuyo 4 kwa 0, n'kupambana 6 kwa 5. Ndinkamvera pa wailesi ya m'galimoto ndikuchokera kuntchito, ndinachita kuima pambali pa msewu chifukwa manja ankanjenjemera. Pambuyo pake tinagonja masewero 12 motsatizana, zoona. Koma usiku wa ku Detroit uja munthu angandiuze kuti unali wolakwika chifukwa unatichotsera mwayi wa maere?

Achimwene a ku Fremont, ine sindikukangana nanu za Burns kupita ku Carolina, kapena Timo Meier ku New Jersey. Pa Meier tinapezapo Zetterlund, yemwe watsogola pa zigoli chaka chino ndi 24. Ngakhale za Karlsson ndinamvetsa. Munthu anapeza mapointi 101 (zigoli ndi mapasi obala zigoli pamodzi), wotchinga kumbuyo, n'kulandira Norris, mphoto ya wotchinga kumbuyo wabwino kuposa onse, koma timu inali pansibe. Kumugulitsa ku Pittsburgh mtengo uli pamwamba kunali kwanzeru, ndipo Mikael Granlund yemwe anabwera pa malondawo watitsogolera ndi mapointi 60, bambo wolimbikira kwabasi.

Koma Hertl. Pa 8 Marichi, mphindi zomaliza msika usanatsekedwe, Hertl kupita ku Vegas. Vegas! Mnyamata yemwe tinamusankha tokha mu 2012, yemwe ali ndi zaka 19 anagoletsa zinayi pa New York Rangers, chomaliza atapititsa ndodo pakati pa miyendo yake. Womwetulira nthawi zonse. Mu 2022 anasaina zaka 8 kuti akhale konkuno pomwe akanatha kuchoka. Mphatso ali ndi jezi imodzi yokha, nambala 48. Tsiku limenelo pobwera kusukulu anali atamva kale kwa anzake. Sanadye. Anaivula jeziyo pa hang'ala, kuipinda bwinobwino, n'kuiika pansi pa sutikesi.

Malume a ku Zomba:
Vegas ili ndi mlandu wanji mphwanga? Wosewera akagulitsidwa sapita kulikonse?

Amake Tadala:
Malume, tingoti wosewera wokondedwa wa Bullets agulitsidwe ku Wanderers. Udani wake unakula mu 2019. Pa 23 Epulo, masewero a nambala 7, wogonja atuluke. Vegas ikutsogola 3 kwa 0, kutatsala pafupifupi mphindi 10. Kaputeni wathu Pavelski anagwetsedwa, mutu kumenya pa madzi oundana, magazi kutuluka, anzake n'kumunyamula. Wosewera wa Vegas anapatsidwa chilango cha mphindi 5, ndiye kuti timu yake isewere yopereweredwa munthu mmodzi nthawi yonseyo. M'mphindi zimenezo tinagoletsa zinayi: Couture, Hertl, Couture kachiwiri, kenako Kevin Labanc. Vegas inabweza kutatsala masekondi 47, koma Barclay Goodrow anatsiriza m'nthawi yowonjezera, 5 kwa 4. Ine ndinali pabalaza, Tadala ali m'tulo, ndikulira mwakachetechete kuti ndisamudzutse. Hertl anali pakati pa usiku umenewo. Lero wavala jezi ya anthu omwewo, ndipo gawo lina la malipiro ake tikulipirabe ndife.

Chinanso chondiwawa ndi Labanc. Munthu yemwe anakhudza zigoli zonse zinayi zija, chaka chino masewero ambiri wawaonera ali m'suti, osavala n'komwe.

Achimwene a ku Fremont:
Za Hertl zinandipweteka nanenso, musaganize kuti ndilibe mtima. Koma ali ndi zaka 30, bondo lachitidwa opaleshoni mu Febuluwale, ndipo kontrakiti ikadali ndi zaka 6. Timu ikamadzadzuka iye adzakhala akutsika. Tapezapo David Edstrom ndi malo a Vegas a mu ndime yoyamba ya draft ya 2025. Komanso iye mwini anavomera, kontrakiti yake inali yoti sangagulitsidwe popanda chilolezo chake. Munthu akufuna chikho asanakalambe, tingamuletse? Thornton ndi Patrick Marleau tinawasunga zaka zonse zija, anapuma opanda chikho.

Bambo a Mphatso:
Kumuletsa ayi. Ndikumufunira zabwino iyeyo payekha. Koma bwererani ku funso la Aphiri. Kaputeni wathu Couture wasewera masewero 6 okha chaka chino chifukwa cha kuvulala kwa m'chinena, ndipo palibe akudziwa ngati adzabwererenso bwino. Hertl wapita. Eklund ali ndi zaka 21. Will Smith yemwe tinamusankha pa nambala 4 chaka chatha akadali ku Boston College. Anawa akalowa m'chipinda chija adzayang'ana kwa ndani? Hertl ndiye anali munthu woti mwana aphunzireko kuti timu ino imakondedwa bwanji.

Lachitatu, 24 Epulo 2024

Amake Tadala:
Mwamva? Mphunzitsi wathu David Quinn wachotsedwa lero.

Achimwene a ku Fremont:
Ndaona. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Zaka ziwiri, ndipo kutchinga kunalibiretu dongosolo. Kugonja ndi kwina, koma kugonja ndi zigoli 5 kapena 6 sabata ndi sabata ndi kwinanso.

Bambo a Mphatso:
Ine apa ndiye pandivuta. Munthu mwamulanda Meier, Karlsson, Hertl, Duclair, kaputeni ali pa bedi, kenako mukuti walephera. Akanatani? Mwina pali zina za m'kati zomwe Grier waona, ndipo mwina ana akubwerawa akufunikadi mawu atsopano. Koma ndikuona ngati wasenzetsedwa katundu wa anthu ambiri. Chomwe ndinamulemekezera n'choti masewero akatha ankaima pamaso pa atolankhani usiku uliwonse osathawa.

Aphiri a ku Buffalo:
Ife Lolemba tabweza Lindy Ruff, yemwe anali mphunzitsi pomwe tinalowa komaliza mu 2011. Pakati pa kuchoka kwake ndi kubwera kwakeku padutsa aphunzitsi 6. Muuzeni Grier asankhe mmodzi n'kumupatsa nthawi.

Lachiwiri, 7 Meyi 2024

Achimwene a ku Fremont:
Atigwera! Maere atigwera! Nambala 1 ndi San Jose, Chicago nambala 2! Chiyambireni timuyi mu 1991 sitinasankhepo pa nambala 1. Abale, ndikunjenjemera.

NaBanda:
Mwachita mwayi anzathu! Ndasangalala nanu kuchokera pansi pa mtima. Mawa ife tikuyamba ndi Vancouver, mutikumbukire.

Amake Tadala:
Ndinali kukhitchini, Tadala ndi amene anakuwa. Ndipo mukudziwa kuti mnyamatayu si mlendo kuno? Anabadwira ku Vancouver, koma bambo ake, Rick Celebrini, amagwira ntchito yoyang'anira thanzi la osewera ku Golden State Warriors, ndipo iye ali wamng'ono anasewererapo timu ya ana ya Jr. Sharks konkuno.

Aphiri a ku Buffalo:
Zabwino zonse, ndikunena zoona. Fodya wafika pamphuno tsopano. Chatsala ndi chija ndinanena. Mu Julaye msika ukatsegulidwa, Grier abweretse akuluakulu awiri kapena atatu omwe ananyamulapo chikho, ngakhale awalipire mopitirira pang'ono. Malo a ndalama muli nawo. Mwanayo asasenze timu yekha ali ndi zaka 18 ngati momwe tinamuchitira Eichel.

Achimwene a ku Fremont:
Pamenepo ndiye tagwirizana, Aphiri. Bambo a Mphatso, muli kuti? Simukuyankha bwanji?

Bambo a Mphatso:
Ndilipo achimwene, ndinali ndi mwanayu. Ndasangalala, sindinama. Makhadi olengeza zotsatira za maere aja akutembenuzidwa ndinali chiimire, ndipo chizindikiro chathu chitaoneka ndinamukumbatira Mphatso mpaka anadandaula kuti ndikumupweteka. Munalondola kuti malo a pansi anali ndi phindu lake, ndikuvomera pamaso pa gulu.

Koma maganizo anga aja sanasinthe. Mwayi unali 25.5 pa 100, ndiye kuti kanayi kalikonse katatu tikanabwerera chimanjamanja. Zikanatero, chaka chonsechi chikanatsala ndi chiyani? Chikanatsala ndi Blackwood pa Philadelphia, usiku wa ku Detroit, ndi chigoli cha Zetterlund pa 10 kwa 0. Anyamata ambiri omwe asenza sizoni imeneyi sadzakhalapo timu ikamadzapambana, ndipo mayina awo sadzatchulidwa. Ine ndinawachemerera ndi mtima wonse, ndipo chaka chamawa, chomwe ndikuganiza kuti chidzakhalanso chovuta, ndidzatero.

Lamlungu Vegas inatulutsidwa ndi Dallas pa masewero a nambala 7. Hertl mbali iyi, Pavelski mbali inayo. Mphatso anaonera mpaka kumapeto osanena kuti akuchemerera ndani. Atatha masewero, osewera akupatsana moni pamzera, awiriwo atakumana, anadzuka n'kulowa kuchipinda. Usiku uno ndapeza jezi ija yabwerera pa hang'ala.

Malume a ku Zomba:
Mphwanga, kuno kwacha, ndadzuka n'kupeza uthenga wambirimbiri. Ndiye mnyamatayo wafika kale?

Bambo a Mphatso:
Ayi malume, lero tangopeza malo. Kusankha kwenikweni kudzachitika pa 28 Juni ku Las Vegas, ndipo iye adzasankhanso yekha ngati abwere chaka chino kapena atsalire kukoleji chaka china. Sizoni imayamba mu Okutobala. Amake Tadala, matikiti a masewero oyamba a pakhomo akangotuluka tiuzane, tigule mipando yoyandikana, ana akhale pamodzi. Achimwene a ku Fremont, ulendo uno foni muisiye, mubwere kubwalo.

Achimwene a ku Fremont:
Ndibwera. Mundisungire mpando wa pambali pa Mphatso.